BMW 530e yatsopano, ya mabwana yochaja pa soketi ija: mafunso ndi mayankho

Chiikireni chithunzi cha galimoto ija pa status, foni yanga sikupuma, ena akuti man mwagula liti, ena akuti imamwa bwanji mafuta, wina mpaka anandiimbira 5 koloko m'mawa kufunsa ngati ingafike ku Karonga. Choyamba galimotoyo si yanga ayi, ndi ya kuntchito kuno ku England, ndakhala nayo miyezi ingapo basi. Koma poti mafunso ake ndi omwewo omwewo ndangoti ndiwasonkhanitse pamodzi ndiyankhe kamodzi, amene afunsenso ndizingomulozera pano.

Plug-in hybrid nde chani kwenikweni? Si zomwe zija za Aqua ndi Prius?

Ndi pachibale koma si mapasa. Aqua ija ili ndi kabatire kakang'ono, kosakwana 1 kWh, kamadzichaja kokha galimoto ikamayenda komanso mukamaponda mabuleki, ntchito yake ndi kungothandizira injini ponyamuka ndi pa jamu. Simuilumikiza pa khoma. Iyi nde ina, batire yake ndi ya 19.4 kWh yomwe mungagwiritse ntchito, ili pansi pa galimoto, ndipo ili ndi kachitseko kachiwiri ka soketi kuwonjezera pa ka mafuta kaja. Usiku mumaibaya pa magetsi ngati foni, m'mawa mumanyamuka pa magetsi okhaokha injini ili gone. Magetsi akachepa injini ya petulo imadzuka yokha nkupitiriza ulendo.

Nde ndi galimoto ziwiri mu thupi limodzi, ya magetsi ya m'tauni ndi ya petulo ya ulendo wautali. Mukamawerenga zonse zili m'munsimu muzikumbukira zimenezo, chifukwa ubwino wake ndi mavuto ake onse akuchokera pamenepo.

Tipatseni manambala ake

Iyi ndi 5 Series ya m'badwo wa nambala 8, a BMW amaitchula kuti G60, inatuluka mu 2023 ndipo amaipanga ku Dingolfing ku Germany. Injini ndi ya petulo ya malita 2.0, masilinda 4, ya turbo. Mota ya magetsi anaiika mkati mwa giyabokosi ya otomatiki ya magiya 8. Zonse pamodzi zimatulutsa 299 hp ndi 450 Nm, kuchoka pa 0 kufika 100 km/h ndi masekondi 6 ndi kakang'ono, liwiro lomaliza 230 km/h, pa magetsi okha imafika 140 km/h. Kutalika ndi mamita 5.06, kulemera kumadutsa matani 2. Thanki ndi ya malita 60.

Ilinso ndi mkulu wake, 550e xDrive, ya masilinda 6 malita 3.0, 489 hp, matayala onse anayi amakoka. Imeneyo ndi nkhani ya anthu ena, ine sindinaigwireko.

Zoti imayenda 100 km osamwa ndi dontho lomwe la petulo ndi zoona?

Pa pepala eya, pafupifupi 100 km malinga ndi mayeso a ku Ulaya otchedwa WLTP. Pa msewu weniweni muchotseko. Ine nyengo yotentha ndikamayenda mwaulemu m'tauni ndimaona cha m'ma 80, nyengo yozizira ija ya December ndi January hita ili pa moto, mipando ikutenthetsa, imatsika kufika cha m'ma 60, ndipo mukalowa motorway nkuponda 110 batire imasungunuka mukuiona pa sikirini. Kwathu kuzizira kotero kulibe koma AC nayo imadya, October uja simungayende mawindo otseka popanda AC.

Kuti mumvetse bwino, Blantyre kupita ku Zomba ndi cha m'ma 65 km, nde mutanyamuka batire ili fulu mukhoza kukafika injini isanalire, koma pobwerera ndi petulo basi pokhapokha mukachaje konko. Munthu amene tsiku lonse, kuntchito, kukatenga ana kusukulu, kudutsira ku msika, sakwanitsa 50 km, ameneyo akhoza kutha sabata yonse osaona pampu.

Nanga zija amalemba zoti imamwa mafuta osakwana lita imodzi pa 100 km?

Apa nde ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Nambala imeneyo si bodza lenileni koma si zoonanso. Mayeso aja amayamba batire ili yodzadza, ndipo amawerengera ngati kuti mwini galimoto amachaja pafupifupi tsiku lililonse nkumayenda maulendo afupiafupi, nde gawo lalikulu la ulendo limakhala la magetsi, petulo amangolawa. Mukachita zomwezo inunso mupeza nambala yokongola. Ine mwezi wina omwe sindinatuluke m'tauni ndinathira mafuta kamodzi kokha, nawonso sanathe.

Koma anthu ambiri sachaja. Bungwe la ICCT lofufuza za utsi wa magalimoto mogwirizana ndi bungwe la ofufuza la ku Germany la Fraunhofer anachita kafukufuku mu 2022 ku Ulaya, anapeza kuti ma plug-in a anthu wamba amamwa mafuta pafupifupi katatu kuposa zolembedwa, a makampani pafupifupi kasanu. Mu 2024 European Commission nayo inatulutsa lipoti kuchokera pa timakina towerenga mafuta tomwe timakhala m'galimoto zatsopano, inapeza kuti utsi wa ma plug-in pa msewu ndi kuchulukitsa ka 3.5 poyerekeza ndi za mu labu. Chifukwa chake nchosavuta, munthu wapatsidwa galimoto ndi kampani, wapatsidwanso khadi ya mafuta yaulere, koma magetsi a kunyumba alipira yekha, nde achajirenji? Kuno imakambidwa ngati nthabwala zoti galimoto zina zimabwezedwa pakatha zaka zitatu chingwe chochajira chikadali mu pulasitiki yake.

Ine ndinayesa dala sabata imodzi osachaja, mwina ndinene zoona, masiku awiri oyamba ndinangoiwala kenako ndinati tiyeni tione. Inkamwa cha m'ma malita 7 pa 100 km, pena kuposerapo ndikathamanga. Kwa galimoto ya matani 2 si zoipa, koma pamenepo mwangogula 520i, ya petulo yosachaja ija, yodula yomwe yanyamula chimbatire cholemera ngati matumba a chimanga mu buti chaka chonse osawatsitsa.

Titenge Lilongwe kupita ku Blantyre, cha m'ma 310 km pa M1. Mwina 75 km yoyamba ndi magetsi, mukamakwera mapiri a ku Dedza batire yatsala pang'ono kapena yatha, kwatsalako ndi petulo, mongoyerekeza malita 16 kapena 17. Mwapulumutsa malita asanu kapena asanu ndi limodzi basi. Munthu wa maulendo oterewa sabata iliyonse dizilo imamukomera kuposa iyi.

Batire ikatha galimoto imaima?

Ayi. Ndipo siitheratu, kompyuta imasiya kochepa kuti izigwira ntchito ngati Prius, kunyamuka pa magetsi, kuzimitsa injini pa ma roboti, kukolola magetsi mukamatsetsereka. Chomwe chingakuimitseni ndi petulo kutha, ngati galimoto ina iliyonse.

Kuchaja kumatenga nthawi yaitali bwanji? Soketi ya m'nyumba imatheka?

Imatheka. Ndipo mwayi wake soketi za ku Malawi ndi zofanana ndi za kuno ku UK, za mano atatu zija, 230V, nde chingwe chobwera ndi galimoto yochokera kuno chimalowa bwinobwino. Pa soketi wamba imakoka cha m'ma 2.3 kW, kudzadza kuchokera pansi ndi maola 10 kapena kuposerapo, usiku wonse. Mukaika chaja ya pa khoma ya 7.4 kW zimatenga maola atatu ndi kakang'ono.

Koma abale, soketi yake ikhale yabwino, mawaya ake okhuthala, earth yake yogwira ntchito. Kukoka ma amp 10 kwa maola 10 osapuma si zofanana ndi kuwiritsa ketulo mphindi zitatu. Ma extension a pa msika aja, oyera opepuka aja omwe timalumikizapo TV, decoder, firiji ndi ayironi pamodzi, musayerekeze. Ine tsiku loyamba ndinachajira pa soketi yakale ya mu garaja ya nyumba yomwe ndimachita lendi, pakati pa usiku ndinapita kukagwira pulagi, inali yotentha ngati mbatata yochoka pa moto, ndinazimitsa pompo nkuitana wa magetsi m'mawa mwake. Vuto silinali galimoto, inali soketi yotha ntchito.

Chomwe ilibe ndi kuchaja kwa changu kwa DC kuja kwa mphindi 20 kapena 30 komwe galimoto za magetsi okhaokha zimachita m'mbali mwa motorway. Nde pa ulendo wautali palibe chifukwa choimira kuti muchaje, mungokhalapo maola atatu kudikira 80 km.

Mayunitsi angati? Ndi zotchipa kuposa petulo?

Yuniti imodzi ya pa mita ya prepaid ndi 1 kWh. Batire ndi 19.4, kuphatikizapo zotayika pochaja muwerengere mayunitsi 21 kapena 22 kuti idzadze. Amenewo akupatsani 70 mpaka 80 km, mtunda omwe pa petulo ukanadya malita asanu kapena asanu ndi limodzi. Nde tengani mtengo wa yuniti wa lero muchulukitse ka 22, mutengenso mtengo wa lita wa MERA muchulukitse ka 5, muone nokha. Sindilemba mitengo pano chifukwa ikusintha msanga, ndikalemba lero mwezi wa mawa mudzanditukwana. Koma kusiyana kwake nkwakukulu ndithu, magetsi a kunyumba ndi otchipa kwambiri. Kuno ku UK ndi chimodzimodzi ukamachajira kunyumba makamaka pa mtengo wa usiku, koma ukamachajira pa ma chaja a m'misewu phindu lija limatha, pena umangofanana ndi wa petulo.

Kungoti mukonzeke, ngati nyumba yanu imatha mayunitsi 200 pa mwezi, galimoto yokha yochaja tsiku ndi tsiku ikhoza kudya kuposa pamenepo, mayi akunyumba asadzadabwe mita ikulira pa 10.

Kuyendetsa kwake kuli bwanji?

M'mawa ndi pamene imandisangalatsa. Umalowa, kudina batani, sikirini yayaka, koma phee, palibe kunjenjemera palibe utsi, umangomva matayala akuphwanya timiyala ta pa geti. Tsiku loyamba ndinadina kawiri ndikuganiza kuti sinalire, kumeneko kunali kuizimitsa kkkk. Pa liwiro lochepa imatulutsa kaphokoso kena kunja kochenjeza oyenda pansi, ndi lamulo la ku Ulaya limenelo pa galimoto zatsopano za magetsi kuyambira 2021, koma nkochepa, mphaka wa aneba amangogona pakati pa njira mpaka ndiimbe huta.

Ponyamuka imakoka nthawi yomweyo chifukwa mota ya magetsi sidikira kuti injini ikwere. Injini ikamalowa nthawi zambiri sumva, umangoona pa sikirini, kupatula ukaponda mwadzidzidzi injini ili yozizira, pamenepo imadzuka ndi mawu ndipo mawu ake ndi a masilinda 4 basi, si nyimbo ija ya ma BMW akale a masilinda 6. Pa motorway ndi mtendere weniweni, mphepo siimveka, mpando sutopetsa. Pa makona olimba kulemera kuja kumamveka, ndi galimoto yaikulu ndipo siibisa, ngakhale batire ili pansi nde siyendayenda. M'misewu yopapatiza ya kuno ndi m'malo oimika magalimoto akale aja mamita asanu ndi ambiri, popanda makamera ndikanakhala nditakanda kale ma rimu.

Chinthu china chanzeru, ukaika komwe ukupita pa mapu ake, kompyuta imagawa yokha, pa msewu waukulu imagwiritsa petulo nkusunga batire kuti ukalowe m'tauni pa magetsi. Ukapanda kuika imangoyamba kudya batire mpaka ithe.

Mkati muli bwanji, bwana akhoza kukhala kumbuyo?

Akhoza, malo a miyendo alipo okwana, koma musayembekezere za 7 Series, BMW yaikulu ija. Pakati kumbuyo pali chitunda chachikulu pansi nde munthu wachitatu amakhala motangadza, anayi ndi amene amakhala bwino. Kutsogolo kuli galasi limodzi lopindika lokhala ndi masikirini awiri, ya mainchesi 12.3 ya dalaivala ndi ya 14.9 ya pakati. Mabatani anachotsa ambiri, ngakhale AC umasintha pa sikirini, ine zimenezo sizindisangalatsa, munthu ukuyendetsa uzifufuzanso menyu? Mwamwayi kachozungulira koyendetsera sikirini kotchedwa iDrive kaja anakasiya pakati. Mipando yobwera nayo si chikopa chenicheni, ndi chopanga chomwe amachitcha Veganza, chenicheni umawonjezera ndalama.

Buti nde nkhani yabwino, malita 520, chimodzimodzi ndi ya petulo, chifukwa batire anaiika pansi pa galimoto osati pansi pa buti. Masutikesi akuluakulu awiri a ulendo wa kumudzi aja amalowa ndi malo otsala. Kungoti ndi saluni, kamwa la buti ndi laling'ono, firiji simulowetsa. Ndipo chingwe chochajira chimakhala momwemo, tsiku la mvula umachikulunga chili chonyowa ndi matope, manja onse bii uli mu suti. Zimenezi pa malonda sakuuzani.

Tayala la sipeya mulibe. Ndibwereranso pa nkhani imeneyi.

Nanga Benz? Iyi ndi E 300 e yabwino ndi iti?

Funso la Amalawi lenileni, kwathu Benz ndi Benz basi. E-Class yatsopano, W214, inatulukanso 2023 yomweyo. E 300 e ili ndi injini ya petulo ya 2.0 ngati iyi, mphamvu zonse 313 hp, 550 Nm, magiya 9, pa magetsi imapitirira 100 km pa pepala, kuposa BMW pang'ono. Ndipo ikhoza kukhala ndi DC ya 55 kW, kutanthauza kuti pa theka la ola yadzadza, chomwe BMW ilibe. Pamenepo Benz yawina.

Koma buti yake ndi malita 370 okha chifukwa batire inadya malo, kusiyana kwa malita 150 ndi sutikesi yathunthu. Kwa munthu wa banja kapena amene amakatenga alendo ku eyapoti zimenezo si zazing'ono. Pa kayendedwe anthu ambiri amagwirizana kuti Benz ndi yofewa, yokomera wokhala kumbuyo, BMW imakomera amene wagwira chiwongolero. A Mercedes alinso ndi E 300 de, plug-in ya dizilo, imeneyo kwa wa maulendo ataliatali ndi yanzeru chifukwa batire ikatha umatsala ndi dizilo yosamwa, BMW alibe yofanana nayo.

Ine ndingatenge BMW chifukwa cha buti ndi chiwongolero. Malume anga angatenge Benz asanamve nkomwe manambalawa.

Ngati ambiri sachaja, nde amagulirenji?

Msonkho achimwene. Magalimoto a mtundu uwu kuno ambiri sagulidwa ndi munthu payekha, ndi a makampani, ndipo wantchito akapatsidwa galimoto boma limamudula msonkho potengera mtengo wa galimotoyo ndi utsi wake wa pa pepala. Ku UK m'chaka cha msonkho cha 2024/25 plug-in yoyenda ma mile 40 mpaka 69 pa magetsi inali pa 8%, pomwe ya petulo ya saizi yomweyo inali cha m'ma 30% kapena kuposa, ya magetsi okhaokha 2%. Nde munthu amasankha 530e osati chifukwa amakonda chilengedwe koma chifukwa pa payslip pamatsala ndalama. Ku Germany nakonso msonkho wa galimoto ya kampani ya plug-in yokwaniritsa malamulo ndi theka la wa petulo.

Maboma anayamba kuzindikira. Germany inasiya kupereka ndalama yothandizira ogula ma plug-in kumapeto kwa 2022. Ku London ma plug-in anasiya kukhululukidwa congestion charge, ndalama yolipira polowa pakati pa mzinda ndi galimoto, mu October 2021. Ndipo EU yasintha kawerengedwe ka mayeso kuyambira 2025 kuti manambala a utsi ayandikire zenizeni, nde ma 1 lita aja azikwera pa pepala ngakhale galimoto ndi yomweyo.

Mtengo?

Itangotuluka kuno inali pafupifupi £60,000 musanawonjezere zokometsera, ndipo a BMW zokometsera ndi pamene amadyera. Musinthe nokha mu makwacha, pa reti ya kubanki kapena inayo, mukhale pansi kaye. Magalimoto a mabwana amagwa mtengo msanga, pakatha zaka zitatu makampani akamawabweza amapezeka otsika kwambiri, ndi nthawi imene anthu ngati ife timayamba kuwayang'ana.

Ndingaitanitse ku Malawi? Ipirira?

Chiwongolero chili kumanja ngati mwagula ya ku UK, nde pamenepo palibe vuto. Za duty mufunse a MRA kapena clearing agent wanu galimoto isanakwere sitima, osati itafika kale pa Songwe kapena pa Mwanza.

Ubwino wake kwathu ndi woonekeratu kwa aliyense amene anagonapo pa mzere wa mafuta. Mafuta akasowa inu mukupitabe kuntchito pa magetsi, magetsi akathima muli ndi petulo mu thanki, zonse ziwiri zikasowa limodzi, chabwino, zimachitika, mukwera kabaza ngati wina aliyense. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, Nkula, Tedzani, Kapichira, ndipo tonse tikukumbuka mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022. Galimoto ya magetsi okhaokha nthawi ngati imeneyo ndi mtima m'mwamba, plug-in ili ndi pothawira. Amene ali ndi sola yaikulu pa denga ndi galimoto yomwe imakhala pakhomo masana ndi amene angadyerere kwambiri, koma ndikunena sola yeniyeni ya ma kW angapo, osati kapanelo kamodzi ka mababu ndi TV.

Tsopano zovuta. Galimotoyi ndi yotsika ndipo batire ili pansi pa mimba. Mahampu athu ena aja omangidwa ngati mizere ya mbatata, misewu ya fumbi yokumbika nthawi ya dzinja, miyala, zonsezi zikumenya pamalo pomwe pali chinthu chodula kwambiri m'galimoto yonse. Matayala ndi a rimu 19 kapena 20, opyapyala, dzenje limodzi la usiku pa M1 tayala laphulika rimu yapindika, ndipo sipeya mulibe, muli kabotolo ka mankhwala omata ndi kapampu, zomwe sizithandiza tayala likang'ambika m'mbali. Ngati mwaitanitsa, gulaninso tayala ndi rimu yapadera ndi jeke, buti ija ya 520 ichepe basi.

Chachikulu ndi amakaniko. Amakaniko athu ndi anzeru, injini ya Toyota amaimasula ndi kuibweza pansi pa mtengo wa mango, koma iyi ili ndi mawaya a orenji onyamula magetsi a ma volt mazana angapo, ogwira molakwika amafa, si zoseka. Ndipo pafupifupi chilichonse chimafuna kompyuta ya BMW, ngakhale kusintha batire yaing'ono ya 12V umayenera kuiuza galimoto kuti waika yatsopano. Musanagule yambani mwapeza munthu amene ali ndi makina ake ndipo anaphunzira za ma hybrid, mumufunse maso ndi maso ngati anagwirapo plug-in ya BMW. Akayankha kuti "tingoona bwana", thawani. Zipangizo zambiri ziyenera kuchokera ku South Africa kapena ku Ulaya, nde galimoto ikhoza kukhala pa mabuloko milungu ikudikira kasensa kamodzi.

Kunena mosabisa, kwa munthu wokhala mu Lilongwe kapena Blantyre, wa mpanda wake, msewu wa tala mpaka pa geti, ali ndi galimoto ina yapamwamba yopitira kumudzi, itha kugwira. Ngati ndi galimoto yanu yokhayo ndipo kwanu ndi kolowera mkati, pezani kaye china.

Nanga 530e yakale yotchipa ija ndikuiona pa intaneti?

Imeneyo ndi G30, inayamba 2017. Zoyambirira zinali ndi batire ya 9.2 kWh, kuyambira 2019 anaikweza kufika 12 kWh. Pa msewu weniweni muziyembekezera 25 mpaka 40 km, ndipo poti yakalamba mwina osafika. Buti ndi malita 410, thanki 46 okha, nde pa ulendo wautali muziima pafupipafupi. Ndi galimoto yabwino, ena amati mkati mwake ndi momveka bwino kuposa yatsopanoyi chifukwa mabatani alimo, koma musagule osaona lipoti la thanzi la batire. Wogulitsa akamazemba nkhani imeneyo mwadziwa kale yankho.

Batire imatha pakapita zaka zingati?

Siifa tsiku limodzi ngati ya foni, imangochepa mphamvu pang'onopang'ono, 80 km ija nkukhala 70, kenako 60. Chomwe imadana nacho ndi kutentha kwambiri ndi kukhala nthawi yaitali ili fulu kapena ili pansi penipeni, nde ku Nsanje kapena ku Chikwawa muziimika pa mthunzi. Ili ndi makina oiziziritsa, amenewonso amafuna kusamalidwa, gasi wa AC akatha musamati ndingotsegula mawindo. Kusintha batire yonse ndi ndalama yoti mukhoza kugula galimoto ina, ngakhale nthawi zina amangosintha chigawo chomwe chafooka. Za waranti muwerenge bwino, ya galimoto yogulidwa dziko lina sikuti imakutsatirani kulikonse.

Injini nayo musaiiwale. Ngati mukuyenda pa magetsi miyezi, petulo amakalamba mu thanki ndipo oyilo amafunabe kusintha pa nthawi yake ngakhale injini yagwira ntchito pang'ono. Kamodzi pa kanthawi muziitulutsa pa msewu waukulu itenthe bwinobwino.

Magetsi akathima ingayatse nyumba?

Ayi, iyi imangolandira, sibweza.

Ndingachaje ndi jenereta?

Mwina ingavomere ngati jenereta ndi yamphamvu ndipo magetsi ake ndi osadumphadumpha, zambiri zazing'onozi galimoto imazikana. Koma taganizani kaye, mukuthira petulo mu jenereta kuti apange magetsi oti alowe mu galimoto yomwe ili kale ndi injini ya petulo. Ingothirani mu thanki aise.

Kuchaja pa mvula sikugwira shoko? Nanga kuwoloka madzi?

Kuno mvula ndi ya tsiku ndi tsiku ndipo timachaja panja, pulagi ya ku galimoto inapangidwa kuti magetsi asayende mpaka italowa bwino ndi kukiyika. Mbali ya ku khoma ndi imene iyenera kukhala pouma. Za madzi osefukira, musalowe, osati chifukwa cha batire yokha, injini ya turbo ikamwa madzi yatha, ndipo makompyuta ali pansi pa kapeti.

Inuyo ndalama zanu mungagule?

Yatsopano ayi, ndilibe ndalama zake ndipo ndikanakhala nazo sindikanazitaya chomwecho. Ya zaka zitatu, ndikukhala kuno, nyumba ili ndi poimika pafupi ndi soketi, eya ndingaganizire, chifukwa maulendo anga ambiri ndi osakwana 40 km ndipo kamodzi pa mwezi ndimapita kutali kukaona abale ku Manchester osafuna kuima pa chaja. Mnzanga wina wa kuntchito ali ndi yofanana nayo koma amakhala pa fuleti ya pamwamba, galimoto imagona mu msewu, chiitengereni wachaja kawiri kokha, akuti imamwa ngati galimoto wamba ndipo sakuona chodabwitsa. Akunena zoona, kwa iyeyo ndi galimoto wamba.

Amene munafunsa za Karonga uja, ifika, kuchokera ku Lilongwe thanki imodzi ikhoza kukwana ngati simukuthamanga. Koma pa Chiweta mutsike pang'onopang'ono, mudzaona batire ikudzadza yokha potsetsereka, ndipo tayala la sipeya lija mukhale mutalinyamula.